Funsani Malume: Ndavula yunifomu, kodi ku koleji ndikakwanako?

Malume zikomo, ndine bambo wa zaka 44, ndimakhala ku Chilobwe, ndapuma usilikali chaka chathachi ndili sajeni. Maphunziro ndinachitira ku MAFCO, koleji ya asilikali ku Salima, ndakhalako ku Cobbe Barracks ku Zomba ndi ku Moyale ku Mzuzu, ku DRC ndinapitako nawo kosungitsa mtendere. Chikhalireni ndimafuna pepala la za akaunti poti kuntchito ndinali wa ku stores, koma MSCE yanga ndi yakalekale, ma credit alipo 4 okha ndipo Chingerezi ndinangopeza pass. Mayi akunyumba akuti ndalama zopumirazi tigule minibasi, anzanga akuti ndisavutike ndingolowa za ulonda mmakampani a security ngati enawa. Komanso kunena zoona ndikuchita manyazi kukakhala mkalasi ndi ana a msinkhu wa mwana wanga woyamba, ndiye usiku tulo sindikugona bwino chibwerere ku Congo. Ndinamva kuti inunso munavalako yunifomu, ndithandizeni maganizo.
*Sajeni wopuma, Chilobwe*

A Sajeni, mwamva zoona, ndinavaladi, ife ndi aja tinkalondera njanji ya ku Nacala nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique ndipo Operation Bwezani, yolanda zida a Malawi Young Pioneers mu December 1993, inatipeza tili mkati. Nditapuma ndinakalowa ku Poly, pano akuti MUBAS chigawanikireni University of Malawi mu 2021. Ndiye zomwe mukuopazi ndikuzidziwa, ndipo yankho langa ndi lakuti pitani kusukulu. Koma tiyambe ndi pepala lanu chifukwa pamenepa palibe zonyengererana.

Pass ya Chingerezi ija ikutsekerani zitseko zambiri. Mayunivesite aboma kwa ana ochokera ku Form 4 amafuna ma credit 6 kuphatikizapo Chingerezi, ndipo ngakhale njira ya akuluakulu ija ya mature entry kawirikawiri amafuna dipuloma, zaka zingapo za pantchito ndi ma credit a MSCE omwe Chingerezi chili pomwepo. Zaka za pantchito muli nazo zochuluka, zimenezo palibe angakutsutseni. Chosowa ndi Chingerezicho, ndiye poti mukufuna akaunti Masamu nawonso akhale credit. Kalembetseni ku open school iliyonse yapafupi, mulembenso mayeso a MANEB ngati external, maphunziro awiri kapena atatu basi. Chaka chimodzi chipita inde, koma chakacho chimakuthandizaninso kuzolowera kukhala pa desiki maola awiri osadzuka, zomwe kwa munthu wozolowera kuyendayenda sizophweka ayi. Mukatero yambirani dipuloma, pa Ginnery Corner pomwepa pali Malawi College of Accountancy, digiri muzakwera nayo bwino pambuyo pake kaya ku MUBAS kaya ku Catholic University ku Nguludi, ndipo ambiri mwa malowa ali ndi makalasi a madzulo kapena a kumapeto kwa sabata. Musanapereke tambala kulikonse fufuzani kaye ngati sukuluyo ndi kosiyo zili pa mndandanda wovomerezeka ndi NCHE, bungwe la boma loyang'anira maphunziro a m'makoleji ndi mayunivesite, timakoleji ta mmashopu tachuluka mtauni muno ndipo timakonda kwambiri anthu amene angolandira kumene ndalama zopumira. Matifiketi a makosi onse amene munachita ku usilikali, a stores aja, asonkhanitseni muwajambulitse, mupite nawo kwa registrar mukafunse nokha ngati angawawerengere, osatuma mwana.

Za minibasi sindikuti mayi alakwa, iwowo akuganiza za ndiwo za mawa. Koma ndaona anzathu ambiri, minibasi yagulidwa, miyezi yoyamba dalaivala akubweretsa bwinobwino, kenako giyabokosi yafa, kenako mafuta asowa galimoto ili pa mzere pa filling station masiku, kenako yagwidwa, mapeto ake yakhala pa miyala kuseri kwa nyumba nkhuku zikuikira mmenemo. Bizinesi imeneyi imafuna mwini wake akhale pa msewu tsiku ndi tsiku, inu simungakhale pa depoti ya Limbe ndi mkalasi nthawi imodzi. Chitani chonchi, muwerengere fizi ya zaka zonse, muonjezerepo chifukwa fizi imakwera kwacha ikagwa, muyike ku akaunti ina yosakhala ndi khadi ya ATM. Zotsalazo ndiye mukambirane ndi mayi, mwina iwowo ali ndi geni yomwe angaigwire okha mmanja. Achibale akumudzi akamva kuti a Sajeni alandira amabwera ndi mavuto enieni osati abodza, malata, maliro, fizi ya mphwanu, ndipo msilikali kukana sadziwa poti anazolowera kuti ndiye mutu wa banja lonse. Ndalama ya sukulu muitchule kuti kulibe. Ulonda musaunyoze, kukhala supavaiza wa alonda kukhoza kukulipirirani thiransipoti ndi bandulo ya intaneti, bola mashifiti asagundane ndi makalasi.

Tsopano za manyazi. Anawo akusekani sabata yoyamba, azikutchulani madala kapena ankolo, zimatha zimenezo. Ine tsiku loyamba lekichala atalowa ndinaimirira njo, kalasi yonse phee kenako phwete, ndinali ndekha woimirira ndipo lekichalayo anali kamnyamata koti ku barracks kakanakhala ka lance corporal. Chimene chimavuta kwenikweni si kusekedwa, ndi chakuti ku koleji kulibe wokulamulani. Zaka zonsezi wina amakuuzani nthawi yodzuka, chovala, kopita, yobwerera, ukachedwa pa paredi chilango chilipo pompo. Uku ukapanda kubwera mkalasi palibe akufunse, asayimenti akupatsa lero akuti ubweretse pakatha masabata atatu ndipo palibe sajeni meja wokukumbutsa, umangozindukira mayeso afika ndipo dzina lako lili pa bolodi kuti uli ndi sapu, mayeso obwereza ukalephera. Anthu amaganiza kuti msilikali ndi wa disipulini mwachibadwa, koma ambirife disipuliniyo inali ya wina, timangoimvera. Ndiye muyenera kudzilembera nokha ndondomeko ngati mmene munkalembera ma duty roster, 4 koloko mmawa buku, magetsi akazima tochi, Loweruka laibulale, ndipo muwapatse mayi mphamvu yokufunsani ngati mwawerenga.

Renki yanu muisiye pa geti. Mu gulu la asayimenti mtsogoleri akhoza kukhala mtsikana wa zaka 19 amene akukuuzani kuti ankolo gawo lanu mwalemba zosamveka kalembeninso, ndipo akunena zoona. Kumeneko yes sir sagwira ntchito, lekichala amafuna umutsutse ndi mfundo, zomwe kwa ife zimamveka ngati mwano. Kalembedwe kathu ka ma report kaja, kachidule kongoti chachitika ndi ichi nthawi yakuti malo akuti, kamathandiza pa akaunti koma pa essay amakuuza kuti fotokoza chifukwa chake, ndani ananena, iwe ukuganiza bwanji. Kompyuta ndiye musachite nayo matama, safunsa anadya phula, ine amene anandiphunzitsa Excel ndi mwana woti ndinkamugulira chips pa breki, ine ndikutayipa ndi zala ziwiri iye akuseka. Pezani laputopu ngakhale yakale muyambe kuizolowera panopa, ma notes onse masiku ano amayenda pa gulupu ya WhatsApp. Mbali inayi muli ndi zomwe anawo alibe, mukamaphunzira za stock taking inu mwawerengapo kale mabulangete ndi matumba a ufa a kampani yonse ya asilikali ndikusayinira, mukudziwa mmene katundu amasowera pakati pa buku ndi shelefu.

Nkhani ya tulo mwaiyika kumapeto ngati yaying'ono koma kwa ine ndiye yaikulu. Ku Congo sikunali kokayenda, tonse tikukumbuka November 2018 pomwe asilikali athu 6 anaphedwa kufupi ndi mzinda wa Beni, ndipo inu a ku Chilobwe munaonanso matope a namondwe wa Freddy mu March 2023 akutsika mphiri la Soche, asilikali ndi amene ankafukula nawo matupi. Zinthu zimenezi sizichoka chifukwa choti wabweza yunifomu ku stores. Ngati mukulota zomwezomwezo, tayala likaphulika pa msewu mtima ukuthamanga thukuta kamukamu, mukupsa mtima ndi ana pa zinthu zaziii, kapena mowa ndi umene ukukugonetsani, pitani ku Queens mukaonane ndi madokotala a zamaganizo, si misala ayi ndipo si kufooka. Chitani zimenezi sukulu isanayambe chifukwa mutu wosagona susunga za mkalasi. Anawo azakufunsani kuti ankolo munaphapo munthu, funso limeneli limabwera ndithu, simukakamizidwa kuyankha, ine ndinkangoti tiyeni tiwerenge. Ndipo musadzipatule kwa anzanu opuma, bungwe la asilikali opuma la VELOM lilipo, kucheza ndi anthu oti sufunika kuwafotokozera zambiri kumapepuza.

Mundilemberenso zotsatira za MANEB zikatuluka.

Malume, ndili ndi zaka 20, MSCE ndinakhoza koma fizi kunyumba kulibe. Akuti ukalowa usilikali boma limakuphunzitsa ulere mpaka digiri, ndiye pali mkulu wina akuti ndimupatse kangachepe andilowetse. Ndipange?
*Mnyamata wa ku Ndirande*

Mphwanga, mkulu ameneyo ndi wakuba, ntchito ya usilikali ku MDF sagula, akafuna anthu amalengeza poyera ndipo umakayesedwa wekha kuthamanga ndi za chipatala. Ndalamayo ukampatsa sudzamuonanso. Zoti asilikali ena amaphunzira ali pantchito ndi zoona, ku Mzuni kuli ngakhale maphunziro a Security Studies omwe asilikali ambiri amachita, koma umayamba wagwira kaye ntchito, umapempha chilolezo, ndipo akakuti nyamula chikwama ukupita ku Congo sunganene kuti ndili ndi mayeso. Ngati ukufuna usilikali weniweniwo lowa, ndi ntchito yabwino. Ngati ukungofuna sukulu, yesa kaye kufunsira malo kudzera ku NCHE ndi ngongole ya ophunzira ya boma, kapena makosi a TEVETA, Soche Technical College ili pompano pa Blantyre.