Funsani Akatswiri: Kodi makala angachotse PFAS m'madzi?

Funso: Ndinamva pa wailesi za mankhwala a fluorine otchedwa PFAS amene sawola. Kwathu kuno ana ena mano awo ndi ofiirira chifukwa cha madzi a pamjigo. Kodi vuto lake ndi lomweli? Nanga kuwiritsa madzi kapena kusefa ndi makala kungathandize? Mphunzitsi, Nkhotakota.

Yankho: Aphunzitsi, izi ndi zinthu ziwiri zosiyana. Chimene chimafiiritsa mano ndi fluoride wochokera m'miyala ya pansi, ndipo bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati asapitirire mamiligalamu 1.5 pa lita. Ameneyu amachepa mukasefa madzi ndi makala a mafupa. PFAS ndi a m'fakitale, amapezeka mu thovu lozimitsira moto, m'mapoto osamatirira ndi m'nsalu zosalowa madzi. Kuwiritsa sikuwachotsa, chlorine sawakhudza, ndipo makala a pambaula alibe timabowo tokwanira.

Njira imodzi yochotsera PFAS imene akatswiri akuilimbikira ndi ya mankhwala otchedwa cyclodextrin. Amamupanga kuchokera ku sitachi, ngakhale wa chinangwa chomwe mumakandira kondowole. Mtundu wa beta ndi mphete ya timagawo 7 ta shuga, yokhala ndi mphako pakati. PFAS ali ndi mbali ziwiri, mutu ndi mchira. Mchirawo umadana ndi madzi, ndiye umalowa m'mphakomo n'kukakamira ngati nsomba m'mono. Mphete payokha imasungunuka, choncho amazilumikiza zambirimbiri kukhala ufa wosasungunuka. Gulu la William Dichtel ku America linasonyeza ufa wotere mu 2016. Akauwonjezera mankhwala otchedwa amine, umakokanso mutu wa PFAS, ndipo ukadzaza amautsuka ndi spiriti wotchedwa methanol n'kuugwiritsanso ntchito.

Vuto lilipo ndithu. PFAS a mchira waufupi monga PFBA amapulumuka msanga. Sopo ndi zinyalala za zomera m'madzi zimalimbirana nawo mphako zomwezo, sefa n'kudzaza nthawi isanakwane madzi akuonekabe oyera.

Poyeza ngati m'madzi muli PFAS, amaika utoto wowala m'mphako ya cyclodextrin. PFAS akabwera amautulutsa, kuwala n'kusintha. Njirayi ndi yongochenjeza chabe, chifukwa malire amene America inaika mu 2024 pa mitundu iwiri ya PFAS, PFOA ndi PFOS, ndi ma nanogram 4 pa lita, mlingo wochepetsetsa wofunika makina a ku labotale otchedwa LC-MS/MS. Madzi okayezetsa tungirani m'botolo la pulasitiki ya polypropylene la mamililita 250, osati lagalasi popeza PFAS amamatirira pagalasi. Chitsekero chisakhale ndi Teflon, pulasitiki ya m'mapoto osamatirira, ndipo asungeni pozizira mpaka akafike ku labotale.