Kodi singano za acupuncture zingachotse kutopa kwa khansa?

Mayi wina wandilembera imelo. Anamaliza kulandira mankhwala a khansa ya m'mawere miyezi 8 yapitayo, madokotala akuti zili bwino, koma thupi lidakali lefu: akangosesa pakhomo, afuna pokhala. Mwana wawo amene ali ku Manchester wawauza za acupuncture, ndiye akufunsa ngati imathandizadi.

Mayi, choyamba dziwani kuti si ulesi. Munthu amene walima tsiku lonse akagona amadzuka ndi mphamvu, koma kutopa kwa khansa kumadzuka nanu limodzi, ndipo kwa ena kumatenga zaka.

Acupuncture inachokera ku China. Si mphini ayi: satema, sapaka mankhwala, amangolasa tisingano topyapyala m'malo osankhidwa. Ku Britain komweko, Alex Molassiotis ndi anzake anayesa njirayi pa amayi 302 amene anadwalapo khansa ya m'mawere, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2012. Onse anapatsidwa kabuku kofotokoza za kutopa, koma 227 ankalasidwanso kamodzi pa sabata kwa masabata 6: kumunsi kwa bondo, pamwamba pa kakolo, ndi pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala. Amene analasidwawo kutopa kwawo kunachepa.

Koma pali poterera. Mu 2013 a chipatala cha Memorial Sloan Kettering ku New York anayerekeza singano zenizeni ndi zongonamizira, ndipo kusiyana sikunaoneke. Ine ndimaganiza kuti gawo lina la phindulo limachokera pokhala ndi munthu wokumvetserani sabata ndi sabata, wokuuzani mogawira mphamvu zanu. Zimenezo sindizipeputsa.

Ndiye ndikanakhala inu, ndikanayamba n'kukayezetsa. Kuchepa kwa magazi, vuto la chithokomiro, kusowa tulo ndi nkhawa zimalefulanso thupi, ndipo zonsezi zili ndi chithandizo chake. Kenako muziyenda. Zikumveka ngati kukunyozani, ndikudziwa, koma pa zonse zimene zayesedwa, kuyenda ndi timasewera tolimbitsa thupi n'zimene zili ndi umboni wolimba. Yambani ndi mphindi 10 m'mawa dzuwa lisanakule, ndipo tsiku limene mwadzuka bwino musachape zovala za mlungu wonse.

Singanozo yesani ngati thumba likulola, dokotala wanu atavomera, makamaka ngati magazi anu sanabwerere m'malo. Zikhale zatsopano, zotsegulidwa inu mukuona, ndipo mkono wa mbali imene anakuchitani opaleshoni asaulase, chifukwa umatha kutupa.