Zonse zikapita pa intaneti, madobadoba athawa?

Mayi wina wa ku Chibavi wanditumizira imelo, akuti: "Achimwene, boma likuti ntchito zake zizichitika pa kompyuta, ndiye kuti za ziphuphu zatha?"

Mayi, ndikanakonda kunena kuti eya, koma ayi ndithu. Kompyuta siidya nsima, koma amene wasunga pasiwedi ali ndi mimba.

Cashgate ya 2013 ija mukuikumbuka? Palibe anathyola chitseko ku Capital Hill. Ndalama zinatuluka kudzera mu IFMIS, sisitimu yomwe boma limalipilira zinthu. Anthu amalowetsa malipiro a makampani oti sanagulitse boma olo msomali umodzi, cheke chikatuluka nkufufuta mu kompyuta muja ngati sipanachitike kanthu, mpaka nkhani inaphulika mu September Paul Mphwiyo, mkulu wa bajeti, atawomberedwa. A Baker Tilly, kampani yofufuza mabuku a ndalama, atafufuza anapeza ndalama zoposa K13 biliyoni zitapita m'miyezi 6 yokha, madona nkuimitsa thandizo.

Koma chimene chimandiwawa ine ndi chaching'ono ichi cha "netiweki palibe". Tsiku lina ndinafola pa ofesi ina muno mu town kuyambira 6 koloko, kamvula ka Mzuzu kaja kakuwaza, jekete yonse chonyowa. Itakwana 10 akutiuza kuti sisitimu yagwa. Chonsecho mnyamata wina wa envulopu ya khaki akungolowa kuseri nkumatuluka ndi mapepala osindikiza kale, kenaka akubwera kudzandinong'oneza kuti "bwana tikuthandizeni, ya Fanta yokha". Ndiye netiweki imeneyi imasankha nkhope? Apa mpamene pagona nkhani mayi: sisitimu ikamayenda bwino dobadoba ndi mnzake wa mkati uja sadya, ndiye mukuganiza kuti angaifunire moyo?

Kwinanso ndi kwa makontilakiti, kuti wapanga sisitimuyo ndani ndipo makiyi ake asunga ndani. Kumayambiriro kwa 2024 mapasipoti anasiya kusindikizidwa kwa masabata angapo, a Chakwera nkuuza Paliyamenti kuti ma hacker alanda sisitimu akufuna dipo. Ofuna kupita ku Joni anangoti kakasi.

Sikuti zonse nzoipa ayi. Mayunitsi a ESCOM ndimagula pa Mpamba ndili gone pa bedi, palibe anandipemphapo ya Fanta, poti pakatipo palibe munthu woti ndimupembedze. Ndiye poti pali njira yolipira ku banki kapena pa foni, lipirani konko, lisiti musunge. Wina akakuvutani, a ACB, bungwe lolimbana ndi ziphuphu, ofesi ali nayo konkuno ku Mzuzu.