Asayimenti ya nkhondo ya Iraq yakuimitsa mutu? Yamba wafunsa kuti zinakomera ndani

Sabata ino mafunso awiri achokera nyumba imodzi, mayi ndi mwana wawo wamkazi, nde ndingowayankhira pamodzi. Mtsikanayu ali chaka chachiwiri ku yunivesite, akuphunzira za ubale wa mayiko, ndipo alekichala awapatsa mutu wakuti, kodi anthu a ku Iraq zinawayendera bwino asilikali a America ndi Britain atalowa m'dziko lawo mu 2003? Akuti watha masiku anayi pa intaneti, apa akuti eya apo akuti ayi, pepala likadali loyera mbee. Mayi akewo akuti sakuona kuti kukambirana nkhondo za eni ake kudzamudyetsa chani mwanayu, bwanji angosintha kosi akachite za akaunti.

Ndiyambe ndi iwe mwana wanga. Sikuti nzeru zakuchepera, funsolo ndi msampha ndipo alekichala aliika dala. Mawu oti "anthu a ku Iraq" akumveka ngati munthu mmodzi pamene ndi magulu angapo omwe nkhondo imodzi yomweyo inawagwera mosiyana kotheratu. Ukangolemba eya kapena ayi osawasiyanitsa, malikisi apita.

Tatenga Mkurdi, munthu wa mtundu wa Akurdi a kumpoto kwa Iraq. Mu Malichi 1988 ndege za Saddam Hussein, mtsogoleri wa Iraq yemwe anadzagwetsedwa ndi nkhondo ya 2003, zinaponya mpweya wa poizoni pa tawuni ya Halabja, anthu pafupifupi 5,000 anafa, ana ndi amayi omwe. Munthu amene anaika abale ake nthawi imeneyo ukamufunsa ngati kugwa kwa Saddam kunali kwabwino adzakudabwa kuti funso lake ndi lotani limenelo. Ashia a kum'mwera, Asilamu a gulu la Shia, nawonso anaukira mu 1991 boma nkuwapha mwankhanza, kenako linaumitsa madambo akuluakulu omwe anthu amakhalamo kuyambira kale. Itatha 2003 Ashiawo, omwe ndi ochuluka m'dzikomo, anavota mu Januwale 2005 ndipo ndi iwo akhala akutsogolera boma. Tsopano tembenuka uone msilikali wamba kapena mphunzitsi amene anali ndi khadi la chipani cha Saddam cha Baath chifukwa popanda khadilo kukwezedwa pantchito kunali kovuta. Mu Meyi 2003 Paul Bremer, yemwe America inamuika kuti ayendetse dzikolo, anasaina malamulo awiri, lina lochotsa ntchito akuluakulu a chipanicho, lina lothetsa gulu lonse la asilikali. Tangoganiza amuna masauzande mazanamazana odziwa mfuti, malipiro aima, ali pakhomo ndi mkwiyo. Ambiri mwa amene anayamba kumenyana ndi asilikali a America anachokera mmenemo, ndipo pa mfundo imeneyi ndikufuna ukhalepo nthawi mu asayimenti yako chifukwa ikuonetsa kuti kugwetsa boma ndi nkhani ina, kulamulira dziko lomwe walanda ndi nkhani inanso. Akhristu a ku Baghdad ndi Mosul ambiri anathawa dziko. Ayazidi, anthu a chipembedzo chawochawo a ku Sinjar, anaphedwa ndi zigawenga za ISIS mu Ogasiti 2014, atsikana awo nkugulitsidwa ngati akapolo. Onsewa ndi "anthu a ku Iraq" eti.

Funso lina loti udzifunse ndi lakuti ukuyeza chaka chiti. Pa 9 Epulo 2003 chifanizo cha Saddam chikugwetsedwa pakati pa Baghdad yankho linkaoneka lapafupi. Mu Febuluwale 2006 mzikiti wopatulika wa Ashia ku Samarra unaphulitsidwa ndipo zotsatira zake zinali zoopsa, Asuni (Asilamu a gulu linalo) ndi Ashia kuphana, mitembo kupezeka m'misewu m'mawa uliwonse, mabanja kusamuka m'madera omwe anakhalamo zaka zambiri. Mu Juni 2014 mzinda waukulu wa Mosul unagwa m'manja mwa ISIS mpaka 2017. Lero kuli bata kuyerekeza ndi nthawi imeneyo, kuli zisankho, manyuzipepala, anthu amatha kudzudzula boma, komabe mu 2019 achinyamata anadzaza misewu kudandaula za katangale, kusowa ntchito ndi magetsi ndipo mazana angapo anaphedwa. Ndiye uuze owerenga kuti ukuyimira pati, usamadumphe zaka mwakachetechete potengera chomwe chikuthandiza mbali yako, alekichala amaona zimenezo.

Palinso choyerekeza nacho. Ophunzira ambiri amalemba ngati Iraq ya 2002 inali paradaiso kapena ngati inali gehena basi. Dzikolo linali litatopa kale, nkhondo ndi Iran kuyambira 1980 mpaka 1988, kulanda Kuwait mu 1990, kenako zilango za zachuma za United Nations zomwe zinagwetsa zipatala ndi masukulu kwa zaka zoposa khumi. Ena amati Saddam akanakhalapo mpaka 2011 bwenzi Iraq itagwa m'nkhondo yapachiweniweni ngati Syria, ena amati ayi. Zimenezo ndi zongoganizira, ukhoza kuzitchula koma uzitchule monga maganizo a anthu, usaziike pa mzere umodzi ndi zinthu zomwe zinachitikadi.

Pa ziwerengero za omwalira ndi pamene ana ambiri amagwera. Mu 2006 magazini ya zachipatala ya The Lancet inatulutsa kafukufuku wonena kuti anthu pafupifupi 655,000 anali atafa kuposa mmene zikanakhalira popanda nkhondo, pamene gulu la Iraq Body Count nthawi yomweyo linali ndi nambala yochepa kuposa kakhumi. Si kuti wina amangopeka, njira zawo ndi zosiyana. Oyambawo anayenda m'makomo osankhidwa kufunsa amene anamwalira nkuwerengetsera dziko lonse, enawo amawerenga anthu wamba okhawo omwe imfa zawo zinalembedwa m'manyuzi, m'zipatala ndi m'malipoti. Njira yoyamba ingathe kukweza nambala ngati makomo osankhidwawo sakuimira bwino dziko, yachiwiri imasiya onse amene anafa popanda wolemba. Ukafotokoza zimenezi m'mizere isanu yokha wapambana anzako onse amene angokopera nambala imodzi pa Google.

Chinanso, usasakanize funso loti nkhondoyo inali yovomerezeka ndi loti anthu anapindula. Chifukwa chachikulu chomwe George W. Bush ndi Tony Blair, atsogoleri a America ndi Britain nthawiyo, anapereka chinali zida zoopsa zopha anthu ambirimbiri, ndipo zidazo sizinapezeke. Kofi Annan, yemwe anali mkulu wa United Nations, ananena mu 2004 kuti kulowako kunali kosemphana ndi malamulo a United Nations, ndipo lipoti la John Chilcot ku Britain mu 2016 linapeza kuti njira zamtendere zinali zisanathe komanso kukonzekera za pambuyo pa nkhondo kunali kosakwanira. Izi ziike m'ndime yakeyake. Koma pali pomwe malamulo ndi moyo wa anthu zimakumana, malamulo a ku Hague a 1907 ndi pangano lachinayi la Geneva la 1949 amati amene walanda dziko ali ndi udindo wosunga bata ndi kuteteza anthu wamba. Nanga mu Epulo 2003 maofesi a boma, zipatala ndi nyumba yosungira zinthu zakale ku Baghdad zikubedwa masana, pamene unduna wa mafuta unali ndi alonda, udindo umenewu unali kuti? Funso limenelo lifunse m'pepala lako.

Ngati malo akulola yerekeza ndi dziko limodzi, osati asanu. Ine ndikanasankha Uganda. Idi Amin analowa dera la Kagera ku Tanzania mu 1978, Julius Nyerere anabwezera mpaka asilikali ake kufika ku Kampala mu Epulo 1979 nkugwetsa Amin, anthu anavina m'misewu. Koma taona zotsatira, Yusuf Lule anakhala pampando miyezi iwiri yokha, kenako Godfrey Binaisa, kenako Milton Obote kubwerera mu 1980 pa chisankho chokanganiridwa, nkhondo ya ku Luwero yomwe inapha anthu ochuluka zedi, mpaka Museveni kulowa mu 1986. Cambodia nayo ndi chitsanzo cholimba, Vietnam inachotsa Pol Pot mu Januwale 1979 ndipo kupha anthu kwa boma lake la Khmer Rouge kunaima, apa zoti miyoyo inapulumuka nzovuta kutsutsa, ngakhale asilikali a Vietnam anakhalitsa mpaka 1989 ndipo eni dziko ambiri sanakondwe nazo. Za Germany ndi Japan itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse zija aliyense amathamangira usamale nazo, mayiko amenewa anali ndi mafakitale, anthu ophunzira ndi maofesi a boma oyenda bwino kale, komanso ndi iwo anayambitsa nkhondo nagonja poyera. Kuwaika pambali pa Iraq popanda kunena kusiyana kumeneku ndi ulesi.

Wafunsanso kuti ine ndikuona bwanji. Chabwino, koma usakopere. Ine ndimati kuchoka kwa Saddam kunamasula anthu ambiri makamaka Akurdi ndi Ashia, koma mmene dzikolo linayendetsedwera m'zaka zoyamba kunabweretsa imfa ndi kusamuka kochuluka moti sindingalembe ndi mtima umodzi kuti anthu onse zinawakomera, ndiponso amene anafa alibe mwayi woyankha nawo funsolo, amafunsidwa ndi otsala okha. Iwe ukhoza kufika pena, bola usankhe mbali m'ndime yoyamba ndipo mfundo yamphamvu ya mbali inayo uitchule wekha usanaiyankhe. Pepala longoti zabwino zilipo zoipa zilipo alekichala amalipatsa malikisi apakati basi.

Tsopano kwa inu mayi. Nkhawa yanu ndaimva ndipo sindikunamizani, digiri ya za ubale wa mayiko payokha siitsegula khomo msanga ngati ya akaunti kapena unamwino, ndipo ntchito za ukazembe zomwe ana ambiri amalota ndi zochepa kwambiri. Koma taonani zomwe mwana wanu akuphunzira mu asayimenti imodzi yomweyi, kusiyanitsa umboni ndi mphekesera, kumvetsa chifukwa chake nambala ziwiri zikutsutsana, kulemba momveka. Mabungwe ngati UNHCR yosamalira othawa kwawo, Red Cross, World Food Programme ndi ena ang'onoang'ono amalemba anthu oyeza ngati ntchito yawo yasinthadi miyoyo ya anthu, ndipo funso lawo la tsiku ndi tsiku ndi lomweli, zakomera ndani, liti, poyerekeza ndi chani. Kulinso utolankhani, uphunzitsi wa mbiri, kafukufuku, ena amapitiriza ndi zamalamulo.

Ndiye m'malo mosintha kosi ali pakati, zomwe zingamutayitse zaka ziwiri ndi fizi yomwe mwalipira kale, muthandizeni awonjezere zinthu zogwirika pa digiriyo. Atenge kosi ya statistics ngakhale ikuwopsa, adziwe Excel bwinobwino osati kungotsegula, aphunzire chilankhulo china cha ntchito zamayiko monga Chifalansa, Chipwitikizi kapena Chiarabu, ndipo pa holide apeze bungwe loti akagwireko ngakhale mongodzipereka kuti CV isadzakhale ndi satifiketi yokha. Ngati pofika kumapeto kwa chaka chino iye mwini akuona kuti mtima wake suli pamenepo, apite kwa mkulu wa dipatimenti akafunse kuti ndi makosi ati omwe wakhoza kale angawerengedwe akasamukira kwina, asanadzaze fomu ina iliyonse.