Musathamangire kugula nkhuku zina, yambani mwakonza za katemera

Amayi a ku Mchengautuwa ku Mzuzu, pepani ndi zomwe zakuonekerani. Mwati nkhuku zanu zambiri zafa pa sabata imodzi: zimangosinza, mapiko ali pansi ngati zavala jekete, chitosi chobiriwira, zina khosi litapindika. Ndiye mukufunsa mankhwala oti mugule komanso mtundu woti muyambirenso. Mmene mwafotokozeramu, chimenecho ndi chitopa, ndipo alangizi a ziweto akaona zotsalazo atsimikiza.

Ndikuuzeni mosabisa, chitopa chilibe mankhwala ochiza. Chimayamba ndi kachilombo ka vairasi, choncho makapusozi amene ena akukuuzani kuti musungunule m'madzi, ngakhale tsabola ndi aloe vera, sizingachichotse. Ndalama imeneyo isungeni, mugulire katemera.

Katemera amene ndikukulimbikitsani ndi wa I-2, wopangidwa konkuno ku Malawi, ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe. Anapangidwira ife oweta pakhomo chifukwa amapirirako kutentha, ngakhale kuti amafunabe pozizira. Mukamutenga, kulungani kabotoloko m'kansalu konyowa, musakaike m'thumba padzuwa, ndipo mukakatsegula kathe pasanadutse masiku awiri. Ndi dontho limodzi m'diso, kaya ndi mwanapiye wa dzulo kaya tambala wamkulu. Mukadontheza, igwirenibe mpaka iphethire dontholo litalowa. Ambiri amaitaya msanga, iyo n'kupukusa mutu, katemera n'kugwera pansi, kenako amati sagwira ntchito. Bwerezani miyezi 4 iliyonse. Wa mu Julaye musamuphonye, chifukwa chitopa chimavuta kwambiri kukayamba kutentha, kuyambira cha mu Ogasiti mpaka Novembala. Chitetezo chimatenga sabata imodzi kapena ziwiri kuti chikhwime, ndiye kutemera matenda atalowa kale m'khola n'kuchedwa. Yodwala musaitemere.

Chimene ndikufuna mugwiritsitse ndi ichi: nokha simungathe. Mmene nyumba zayandikirana ku Mchengautuwa, Chibavi kaya Zolozolo, nkhuku za makomo asanu zimapalasa padzala limodzi. Lankhulani ndi anzanu oyandikana nawo, musonkherane, muitane alangizi kapena wotemera wa m'dera lanu tsiku limodzi, m'mamawa nkhuku zisanatsegulidwe. Kabotolo kamodzi kamakwanira makomo angapo, ndiye mtengo umapepuka. Ngati simukudziwa woyambira, kafunseni ku ofesi ya zaziweto ya Mzuzu ADD, nthambi ya boma yoona zaulimi m'chigawo chino.

Pakali pano zakufazo zikwirireni mozama kapena zitentheni, pamodzi ndi nthenga ndi matumbo. Zikatayidwa kudzala, agalu amazikokera kwa aneba. Zooneka zamoyozo musapite nazo kumsika. Ndikudziwa kuti mtima umafuna kupulumutsako kangachepe, koma umu ndi mmene chitopa chimachokera pakhomo limodzi n'kukapululutsa dera lonse, ndipo ine zimandiwawa kwambiri. Palani zitosi zonse, tsukani zomwera ndi zodyera ndi sopo, khola likhale lopanda kanthu mwezi wathunthu.

Mukadzayambiranso, nkhuku iliyonse yobwera, kaya mwagula kumsika wa Zigwagwa, kaya ndi ya mphatso yochokera kumudzi, ikhale payokha masabata awiri isanasakanikirane ndi zinzake. Ogula nkhuku asalowe m'khola, muziwatulutsira panja, pakuti nsapato ndi madengu awo zadutsa m'makola ambiri.

Za mtundu, ine ndinganene kuti yambani ndi mathadzi a chikuda, mugule kwa munthu amene mukudziwa kuti amatemera. Amadziwa kufungatira ndi kulera, komanso amadzifunira chakudya. Mukafuna kuti thupi ndi mazira zikulepo, ikanipo tambala wa Mikolongwe, uja wakuda wa Black Australorp. Tambala mmodzi akwanira mathadzi 10. Muzimusintha chaka chikatha, kusinthana ndi munthu wakutali ndithu, kuti asamakwere ana ake, apo ayi anapiye amabadwa ofooka. Thadzi muziliikira mazira 10 kapena 12, osaposa sabata chiikiridwe, ndipo pa masiku 21 liswa.

Kwathu kuno chimapha anapiye kwambiri ndi chinyontho ndi kuzizira. Mvula ya ku Mzuzu mukuidziwa, kwina italeka kale kuno imangowazabe, kenako Juni n'kubwera ndi chisanu chake. Anapiye oyenda ndi make m'udzu wamame m'mawa sachedwa kutha, otsala n'kutengedwa ndi mphamba. Atsekereni ndi make masabata 4 mpaka 6 pamalo ouma. Utuchi kuno susowa kwa ocheka matabwa: yalani wokhuthala, ukanyowa chotsani. Pansi ponyowa ndi pamene pamayambira matenda aja a chitosi cha magazi, amene mwamwayi ali ndi mankhwala kumashopu a zaziweto. Madeya okha sakuza mwanapiye, sakanizaniko soya wokazinga wogaya kapena fumbi la usipa lotsalira kwa ogulitsa nsomba. Muziyang'ananso m'maso ndi pa lipombo ngati pamatirira utitiri, ndipo udzu wa m'chisa muziutentha thadzi likangoswa.

Tiuzeni kuti zatsala zingati komanso ngati kwa aneba zayambanso kufa. Ngati chafika kumeneko, auzeni atsekere zawo lero lomwe, ndipo alangizi adziwe msanga kuti akatemere makomo amene sichinafike.