Kodi nyimbo yotsanzikira ya gulu la The Smiths ndi iti?

FUNSO: Akonzi, ndimagwira ntchito ku Manchester limodzi ndi bambo wina wachikulire amene amakonda kwambiri gulu loimba la The Smiths. Iwo akuti nyimbo yomaliza imene gululi linatulutsa payokha lisanathe ndi "Girlfriend in a Coma", pomwe ine ndinawerenga kuti ndi "Sheila Take a Bow". Takangana kwa sabata ziwiri tsopano, chonde tiweruzeni.
Wowerenga wa ku Manchester

YANKHO: Mlanduwu tikuweruza mokomera inu, ngakhale kuti bambowo sakulankhula zopanda mutu. "Sheila Take a Bow" inatuluka mu April 1987 ndipo inafika pa nambala 10 pa mndandanda wa nyimbo zogulidwa kwambiri ku Britain, pa nthawi imene woimba Morrissey, Johnny Marr, Andy Rourke ndi Mike Joyce anali akadali pamodzi. Pofika mu August chaka chomwecho, pamene kampani ya Rough Trade inatulutsa "Girlfriend in a Coma", Marr, mwini gitala amene ankapeka mayimbidwe a nyimbo zawo, anali atachoka kale ndipo nyuzipepala zinali zitalengeza. Gulu la anayiwo linali litatha, nyimbo n'kubwera pambuyo ngati mwana wobadwa maliro a bambo wake atachitika.

Koma bambowo akatembenuza mbale yawo ya "Girlfriend in a Coma" apeza pamene pali mphamvu ya mfundo yawo. Kuseri kwake kuli nyimbo zimene anayiwo anajambula komaliza ali m'chipinda chimodzi, mu May 1987 ku Streatham mumzinda wa London. Imodzi ndi "Work Is a Four-Letter Word", nyimbo yakale ya woimba wa ku Britain Cilla Black imene Morrissey anaumirira kuti aimbenso, ndipo Marr anadzanena poyera kuti anaida, chifukwa sanayambitse gulu mu 1982 kuti aziimba nyimbo za mtundu umenewo. Marr anali atatopanso kale, popeza gululi linkasinthasintha oliyang'anira, ndiye nkhani za ndalama ndi maulendo zinkamugwera iye, mnyamata wa zaka 23 zokha. Ife tikuona kuti apa ndi pamene mphika unasweka, ndipo amene akufuna kumva kutha kwa gululi ndi makutu ake amvere mbali yakuseriyo.

Chimene chimasokoneza anthu ambiri n'chakuti kampaniyo inapitiriza kugulitsa. Chimbale cha "Strangeways, Here We Come" chinatuluka mu September, kenako nyimbo zina ziwiri zinatsatira, yomaliza yake mu December 1987 inali "Last Night I Dreamt That Somebody Loved Me". Choncho mukadzamva munthu wachitatu akutchula imeneyi, musamuseke.

Powonjezera, popeza mwatifunsa kuchokera ku Manchester, kwawo kwa oimbawa, dziwaninso kuti phwando la nyimbo lomaliza limene anaimba ku Britain linachitikira ku Brixton Academy pa 12 December 1986, ndipo linali losonkhetsa ndalama zothandizira nkhondo yolimbana ndi ulamuliro wa tsankho ku South Africa. Bambowo muwafunse ngati analipo tsikulo.