Kodi ndikapita, ndikhala ngati Loti?

M'bale wina wandilembera imelo. Wapeza ntchito ya malipiro abwino, koma kumaloko ziphuphu ndi chiwerewere zili ponseponse. Akufunsa ngati kusamukira kumeneko ndi mkazi ndi ana ake sikungakhale kubwereza zimene anachita Loti.

M'bale wanga, funso lanu landikhudza, chifukwa Loti sanali wopusa. Pa Genesis 13 abusa ake ankakangana ndi abusa a Abramu, msipu utachepa. Abramu, yemwe anali wamkulu, anamulola kusankha. Loti atakweza maso anaona chigwa cha Yordano, madzi paliponse mpaka ku Zoari, chobiriwira ngati munda wa Yehova. Woweta aliyense akanakopeka nacho. Koma ndime 13 ikunena kuti anthu a ku Sodomu anali oipa kwambiri, ndipo sitikumva kuti Loti analingalirapo zimenezo.

Chimene chimandiwawa ine ndi momwe anasendera pang'onopang'ono. Poyamba anangomanga hema pafupi ndi Sodomu. Pa mutu 14 akukhala m'kati mwa mzinda, ndipo Kedorelaomere ndi mafumu anzake atamugwira, Abramu anathamangira ndi amuna 318 kukamulanditsa. Mwina mukuganiza kuti apa anaphunzirapo kanthu. Anabwerera komweko! Pofika mutu 19 tikumupeza atakhala pachipata, malo amene pankakhala akuluakulu a mzinda. Usiku umene angelo anabwera kudzawononga mzindawo, atapita kukachenjeza akamwini ake, iwo anayesa kuti akungoseka. Kutacha anali kuzengerezabe, mpaka angelo anachita kumugwira dzanja.

Pa 2 Petro 2:7-8 Loti akutchedwa wolungama, amene mtima wake unkazunzika tsiku ndi tsiku. Iye anapulumuka, inde. Koma mkazi wake anacheuka nasanduka mwala wa mchere, ndipo ana ake aakazi anafika naye kuphanga makhalidwe a ku Sodomu ali m'mutu.

Sindikuti musapite. Yosefe anaima nji ku Igupto, Danieli ku Babulo, ngakhale iwowa anachita kutengedwa, pomwe inu mukusankha nokha. Abramu anamanga guwa ku Beteli ndi ku Hebroni, koma guwa la Loti sitilipeza pena paliponse. Musanavomere ntchitoyo, khalani pansi ndi akazi anu. Mudziwiretu amene muzikapemphera nawo ndi amene ana anu azikasewera nawo, ndipo mugwirizane lero lomwe chinthu chimene chikadzachitika mudzanyamuke, malipiro akhale ochuluka bwanji.